Nsapato Imene Inatsala ku Kamwala

Tisa ndi Dalitso, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, poti masiku ano ndimangokhala pakhonde kuno ku Kabwata n'kumakangana ndi nkhuku za aneba. Za ubwana wanga ku Katete ndidumpha. Mumazidziwa kale, ndipo sizisiyana ndi za mwana wina aliyense wa nthawi imeneyo. Ndiyambira pa ntchito. Zaka zonse zija munkandiona ndikutuluka m'mawa ndi chikwama chakuda, ndinkapita kukafunafuna abale a anthu amene afika m'chipatala opanda dzina: okomoka pamsewu, ogundidwa ndi galimoto, okalamba osokonezeka mutu. Ndikawapeza abalewo, wodwala ankabwerera kwawo, kapena akatisiya ankaikidwa ndi anthu ake. Ndikalephera, mtembo unkakwezedwa pa lole ya khonsolo pamodzi ndi ina, n'kukakwiriridwa kopanda wolira ngakhale mmodzi. Chipatalacho sindichitchula dzina ngakhale inu mukuchidziwa. Nkhani zambiri ndinaziiwala dala chifukwa ndinatopa nazo, koma ilipo imodzi imene sindifuna kupita nayo kumanda.

1987

Ofesi yanga yoyamba inali kachipinda komwe kale ankasungiramo zokolopera, ndipo fungo lake silinachokemo mpaka tinasamuka. Bwana wanga anali Mayi Sakala, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene sindinawamvepo akuyamikira munthu. Anali akwathu kum'mawa, koma anakhalitsa mu Lusaka mpaka lilime linasintha. Tsiku loyamba ndinakhala pampando n'kuyala mapepala bwinobwino ngati kalaliki wa kubanki. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, uyo mupando si wako," anatero. "Ni wa bantu bamene babwela kulila. Iwe nchito yako ni kuyenda."

Ndipo ndinayendadi. Galimoto ya ofesi inali pa njerwa kuseri kwa khitchini, matayala ake anapita kalekale. Kamera inalipo koma filimu kunalibe. Uthenga wa pa wailesi unkadikira mzere wake, ndipo nthawi zina unkaulutsidwa munthu ataikidwa kale. Zinali zaka zija zoima pa mzere wa ufa, wa sopo, wa mafuta ophikira, ndiye mapepala tinkalemba mbali zonse ziwiri, maenvulopu tinkawatembenuza. Chimene tinali nacho chinali maso ndi miyendo basi. Mayi Sakala ankalowa nane mu wodi, n'kuvundukula bulangete la wodwala wosadziwika popanda ndi odi yemwe. Ankayang'ana zikhato, mphini za pankhope, mano, zigamba za malaya, ankanunkhiza ngakhale jekete. Akatero ankagamula kuti uyu amanyamula makala, pita ku msika wa Soweto. Uyu ali ndi ulusi m'thumba, pita ku Kamwala. Nthawi zambiri ankaphonya. Koma ndikafika ku Soweto ndi nkhani ya munthu mmodzi, ndinkabwerako ndi nkhani za anthu ena ambiri, chifukwa amayi a pamsika akaona mtsikana wa kuchipatala, aliyense ankakumbukira wake amene anasowa.

Tsiku lina anandituma kukafunsa za mayi wina amene anakomoka pa siteshoni ya mabasi. Ndinazungulira msika wonse mpaka dzuwa kupendeka, osapeza kanthu. Ndinapempha kukhala pa benchi ya mayi wogulitsa kapenta kuti ndipume. Mayiyo, osandifunsa n'komwe kuti ndine yani, anali pakati podandaulira mnzake za mlamu wake amene anatuluka kukagula fodya sabata yatha osabwerera, munthu wa chala chodulidwa ndi lamba wa chigayo. Munthu ameneyo ndinali nditamusiya m'mawa womwewo mu wodi ya amuna, ali chikomokere. Ndinabwerera kuofesi ndikuchita kuthamanga, ndikuganiza kuti lero lokha andiyamikira.

"Nakutuma kuli mai, wabwela na mudala," anatero Mayi Sakala osadzutsa mutu. "Manje uja mai?"

Mayi uja sitinamupezere abale. Anakwera lole. Ndinakalirira m'chimbudzi kuti bwana asandione, ndipo m'kupita kwa miyezi ndinazolowera kusalira.

1993 mpaka 2009

Zaka izi ndizilemba mwachidule chifukwa sindizikonda. Ananditumiza ku kiliniki ina ya m'makomboni, kenako anandibweza Mayi Sakala atapuma, ndipo ndinatenga tebulo lawo. Matenda a edzi aja anali atafika pachimake. Abale ankabweretsa wodwala, n'kupereka dzina labodza ndi keyala yabodza, n'kuthawa, chifukwa anali ataika kale maliro ena chaka chomwecho ndipo analibenso mphamvu. Ndinkawalondola mpaka kwawo, n'kugogoda. Mayi ankatsegula chitseko, kundiyang'ana m'maso, n'kunena kuti munthuyo samudziwa, pamene chithunzi chake chili pakhoma kumbuyo kwake. Poyamba ndinkapsa mtima ndipo ndinkawalalatira. Bambo anu atatisiya, nditaona ndekha zimene maliro amachita ndi nyumba, ndinasiya kulalata. Abwana ankangosinthana: wina ankakonda misonkhano, wina ankadzitsekera n'kumawerenga nyuzipepala, wina anali munthu wabwino koma sanakhalitse, poti abwino sakhalitsa m'maofesi otere. Maondo anga anayamba kulira m'zaka zimenezi. Dalitso, iwe ukukumbukira ukundithirira madzi otentha m'beseni madzulo alionse, uku ukung'ung'udza kuti anzako ali ku mpira.

2016

Kenako kunabwera makompyuta ndi mafoni ojambula, pamodzi ndi bwana watsopano, Bambo Chisanga a ku Woodlands. Anali mwana kwa ine, waulemu, wopemphera asanayambe msonkhano uliwonse. Musaganize kuti ndikufuna kuwanyoza iwo kapena makinawo. Sabata yawo yoyamba anajambula munthu amene anagundidwa ndi minibasi, n'kuika chithunzi pa intaneti m'mawa, ndipo tisanadye chamasana amalume ake anali ataimba kuchokera ku Kitwe. Ine ntchito imeneyo ikananditengera mwezi, mwinanso kulephera kumene. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikuthokoza Mulungu m'malo mwa maondo anga. Ndinaphunzira kujambula, kulemba uthenga, kutumiza m'magulu a pa foni, a mipingo, a amalonda, a oyendetsa mabasi. Ambiri anabwerera kwawo chifukwa cha foni imeneyo, ndipo zimenezo sindingazikane.

Koma walira mvula walira matope. Ndalama ya mayendedwe inachotsedwa, poti zonse zili pa foni. Pa windo lolandirira anthu anaikapo kompyuta. Munthu akabwera kudzafuna mbale wake wosowa, kalaliki ankafunsa dzina, n'kulilemba, kompyuta n'kunena kuti palibe, basi wotsatira. Kale munthu wotero tinkamugwira dzanja n'kuyenda naye bedi ndi bedi, wodi ndi wodi, ndipo ankatha kuzindikira wake ndi katsokomoledwe kokha kapena kagonedwe. Zimenezo zinaletsedwa, ati kulemekeza odwala ena, ndipo m'zaka za mliri wa chifuwa uja zitseko zinatsekedweratu. Ndinanenapo kamodzi pa msonkhano kuti kompyuta imayankha chokhacho chimene waifunsa, pamene pamsika umamva ndi zimene sunafunse zomwe. Bambo Chisanga anamwetulira mwaulemu.

"Ba mayo, mwakamba zoona," anatero. "Koma ni ndani azayenda? Imwe?"

Ankanena zoona, chifukwa masitepe a ofesi yomweyo ndinkakwera mopumira.

2023

Bambo amene ndikufuna kukuuzani anafika nthawi yozizira, m'chaka changa chomaliza pa ntchito. Anawatola pafupi ndi City Market atagwa chafufumimba. Akuba anafika msanga kuposa achifundo: analibe foni, jekete, chitupa, ngakhale nsapato. Anali atang'ambika pachibwano ndi pamutu, choncho anamwino anawameta tsitsi ndi ndevu zonse kuti asoke mabala. Matenda opha ziwalo anali atakokera kamwa kumbali, diso limodzi litagwa, nkhope itatupa. Kulankhula sankatha, kugwira cholembera sankatha.

Ndinawajambula ali pabedi, bulangete lili m'chifuwa, n'kutumiza chithunzicho kulikonse. Chinayenda kuposa china chilichonse chimene ndinatumizapo. Anthu ankachitumizirana, pansi pake n'kulemba Amen, Amen, mpaka chala kutopa kutsitsa. Mafoni anabwera ndithu. Anaimba mneneri wina amene anati waona m'masomphenya kuti ndi a ku Mansa. Anaimba amuna awiri amene funso lawo loyamba linali ngati pali chipukuta misozi. Mayi wina wa ku Kabulonga anabwera pa galimoto yaikulu, kuwayang'ana, kupukusa mutu, n'kusiya mabisiketi amene bambowo sakanatha kutafuna. Wachibale weniweni ayi. Ndinalemba pa kompyuta mawu onse amene ndinawaganizira, bambo wosowa, mdala wosowa mu Lusaka, ndipo inandikhuthulira nkhope zambirimbiri za anthu osowa, a ndevu, a magalasi, a masuti a paukwati. Ndinaziyang'ana zonse mpaka maso kuwawa. Panalibe imene inkafanana ndi munthu wa pabedi uja.

Masana ndikatopa ndinkakakhala pambali pawo. Maso awo ankamva zonse. Ndinkatchula malo amodziamodzi, Matero, Chilenje, Kanyama, Mtendere, Chelstone, kuti mwina aphethira pa amodzi, koma ankaphethira pa onse, misozi ikutsika mbali imodzi. Nthawi zina ankandigwira pamkono ndi dzanja limene linatsala ndi mphamvu, osafuna kundisiya. Anatisiya kutangoyamba kutentha, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndikupikisana ndi lole.

Amene anandiuza za mwendo anali ba Mwansa a ku mochale, munthu amene wasamala mitembo mpaka anasiya kutsitsa mawu polankhula za iyo.

"Ba mayo, uja mudala wanu, mwendo wa ku lefuti ni ufupi," anatero tikudutsana pakhonde. "Ufupi maningi, monga so." Anaonetsa ndi chikhato.

Nthawi yonse ija bambowo anali chigonere, atafunda, miyendo itapindika, ndipo owasambitsa ankayesa ndi matendawo. Ine ndinali nditasamala nkhope yokha, poti ndi imene imalowa mu foni. Ndinalemba za mwendowo pansi pa chithunzi chija, koma chinali chitakwiririka kale ndi zatsopano, maukwati, ngozi, mpira. Kujambula mtembo malamulo sankalola.

Inali nthawi ya kuzimazima kwa magetsi. Jenereta inkafuna mafuta amene kunalibe, ndipo filiji imodzi ya ku mochale inali itafa. Bambo Chisanga anandiitana. Mapepala a osadziwika onse anali patebulo, chifukwa lole sinkatenga mtembo ine ndisanasaine kuti ndafunafuna ndipo ndalephera. Ndinasaina ena onse. La bambo aja ndinalikankhira pambali.

"Aba sinizasaina," ndinatero.

"Ba mayo, mwachita vonse. Ziko yonse yaona ija pikicha."

"Yaona nkhope chabe."

"Filiji ina ikafa, muziba vamene vizachitika? Bazafunsa ine, ine nizakamba zina yanu. Sinikuyofyani, koma mapepala yanu ya penshoni yakali kuyenda mu maofesi. Mufuna kuchoka na kalata ya chenjezo pa lasiti?"

Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndinagwira popanda kalata yotero, ndi za denga la nyumba ino limene linkadikira penshoniyo. Ndinachita mantha, ndisaname. Koma ndinkamvabe dzanja lija pamkono panga. Ndinapempha kuti andipatse mpaka lole yotsatira, ya kumapeto kwa mwezi. Anapumira m'mwamba n'kuvomera, koma anati ikadzabwera, bambowo adzakwera, kaya ndi siginecha yanga kaya ndi yawo.

Ndinayambanso kuyenda, nkhalamba ya maondo otupa. Ku City Market, ku Soweto, pa masiteshoni a minibasi. Msika sunalinso uja ndinkaudziwa. Amayi aja ena anafa, ena anabwerera kumudzi, ndipo ana awo ankagulitsa maso ali pa foni. Ndikaonetsa chithunzi ankati, aa, uyu tinamuona, sanapezeke? Aliyense anali atawaona, wowadziwa panalibe. Ndikanena za mwendo ankati otsimphina mu Lusaka ndi ambiri. Ndinagwa mphwayi. Lachisanu lomaliza ndinauza Bambo Chisanga kuti Lolemba m'mawa ndisaina, ndipo anandigwira paphewa.

Loweruka ndinapita ku Kamwala kukagula zitenje za ukwati wa msuweni wanu Misozi. Za bambo aja ndinali nditazitaya. Anthu anali thithithi, ndipo bambo wina wa wilibala anandiponda kumbuyo, lamba wa nsapato yanga n'kuduka. Ndinamutukwana, Mulungu andikhululukire, n'kukoka phazi mpaka pakhonde la sitolo ina pomwe panali wosoka nsapato. Anandilozera kireti kuti ndikhalepo, n'kundiponyera katoni yopondapo. Ndinatulutsa foni kuti ndiziyang'ana podikira, koma inali itazima, poti kwathu magetsi anali asanabwere chichokere dzulo lake. Ndiye ndinangokhala, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati mlendo.

Kumbuyo kwa wosokayo kunali waya, ndipo pawayapo anapachikapo nsapato zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Zambiri zinali zafumbi. Peyala imodzi inali yakuda, yopukutidwa bwino, ya kutchalitchi. Ya kumanja inali nsapato wamba. Ya kumanzere inali ndi soli yochindikala ngati njerwa, yosanjikizasanjikiza, yodetsedwa mwaluso kuti munthu asaone msanga. Ndinaiyang'ana kanthawi mutu usanagwire. Kenako ndinakumbukira chikhato cha ba Mwansa chija.

"Izo nsapato ni za ndani?" ndinafunsa.

"Sizogulisa," anayankha, ulusi uli kukamwa. Anali munthu wosakonda mafunso.

"Sinifuna kugula. Nafunsa mwine wake."

"Ni za ba Mpundu, ba mudala ba ku Chelstone. Ni ine nimabapangila, zaka na zaka. Banasiya mu Juni, ati nizatenga pa Chisanu nivale pa Sabata. Manje basoba. Mwana wao anabwela apa, analila maningi, ati sungani chabe, bazabwela kutenga beka. So nimapukutako."

Nditamuuza kumene ndimagwira ntchito, analavula ulusi uja. Anatulutsa foni yosweka galasi n'kundionetsa chithunzi chimene mwanayo anafalitsa. Bambo wa ndevu zoyera zofika pachifuwa, wa magalasi, wa suti, akuseka ndi kamwa lonse. Chithunzicho ndinali nditachiona kangapo. Chinali pakati pa nkhope zija kompyuta inandipatsa, ndipo ndinachidutsa monga ndinadutsira zina zonse. Ngakhale pamenepo, foni ili m'manja mwanga, sindikanalumbira kuti ndi iwo. Pa uthenga wake panalibe mawu alionse a mwendo.

Tinaimba nambala ya mwanayo, foni inali yotseka. Wosokayo anati ndi a Sabata amenewo, sayatsa mpaka dzuwa litalowa. Ndinasiya nambala yanga, ndinabwerera ku Kabwata wopanda zitenje, ndinakatchajitsa foni kwa aneba amene ali ndi sola, n'kuiika patebulo. Inalira kutangoyamba kuda.

Bwalya, mwana wa ba Mpundu, mphunzitsi wa sekondale, anafika Lamlungu m'mawa ndi mwamuna wake. Tikupita ku mochale anandiuza kuti kuchipatala kuno anabwerako kawiri. Anatchula dzina pawindo, kompyuta inati palibe. Anamuonetsa mitembo ya osadziwika, sanawapeze, n'kupita kukafuna kwina. Ndinamufunsa chifukwa chake sanalembe za mwendo.

"Ba tata sibanali kufuna," anatero. "Bakavala nsapato banali kuyenda mushe, bantu bambili sibanazibe. Na ise panyumba sitinali kukambapo. Ninaona monga nizabachitisa nsoni."

Ba Mwansa anakoka thireyi n'kuvundukula kumutu. Bwalya anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika ngati watula katundu.

"Si beve. Ba tata bali na ndevu. Si beve aba."

Ba Mwansa sanatsutse. Anangopita kumapazi n'kukweza nsalu mpaka m'maondo. Bwalya anagwira phazi lamanzere ndi manja awiri, n'kukhala pansi pa simenti osalisiya. Kulira kotero ndinakumva kambirimbiri pa ntchito imeneyi, koma tsiku limenelo ndinatuluka panja.

Lolemba lole inabwera n'kutenga ena amene anali atasonkhananso, ndipo ndinawasainira onse. Bambo Chisanga anandiyamikira pa msonkhano, n'kulamula kuti tiyambe kulemba zizindikiro za pathupi pa uthenga uliwonse. Ndi nzeru yabwino, ndipo ndikumva kuti akuchitabe. Ndikanawauza chiyani? Kuti lamba anaduka, magetsi anazima, ndiye ndinasowa poyang'ana? Zotere sangazilembe m'malamulo a ofesi, ndipo ena aja amene anakwera lole palibe amene nsapato inamudukira.

Ku maliro ku Chelstone ndinapita, poti maliro n'kulirana. Amayi a Chibemba atamva kuti ndine wa kum'mawa anayamba chimbuya, nthabwala zathu zija zonyozana pamaliro, ati onani odya mbewa atitolera mdala wathu, ine n'kuwabwezera kuti iwo amadya anyani. Tinaseka pang'ono, monga zimakhalira pamaliro. Kenako Bwalya anandikodola n'kupita nane kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi, komwe kunalibe anthu. Anatsegula foni n'kundipatsa. Chinali chithunzi changa chija, bambo ake ali pabedi, ometedwa, kamwa lili kumbali. Pakati pa ma Amen aja panali dzina lake, ndi mawu amene iye mwini analemba: Mulungu abathandize aba bakulu, bapeze bantu bao.

"Ninaiona iyi pikicha, ba anti. Ninatumako na ku gulupu ya kuchechi." Analoza mawu akewo ndi chala. "Niuzeni zoona. Pamene ninalemba ivi, banali moyo?"

Tsiku linali pomwepo pansi pa mawu akewo. Inali sabata yoyamba yeniyeni. Tsiku la imfa ankalidziwanso, linali pa chikalata chimene anatenga kuchipatala, ndiye yankho anali nalo kale, ankangofuna munthu woti amuuze m'maso. Ana anga, pa zonse zimene ntchito iyi inandisenzetsa, ichi n'chimene chinandilemera kwambiri. Ndikanatha kunena kuti anali chikomokere, kuti sankadziwa kumene ali, kuti sankadikira aliyense. Bodzalo linali pamlomo, ndipo palibe akanandigwira nalo. Koma anali atakhala miyezi yonse ija akupatsidwa mayankho opanda kanthu, ndipo ine sindinafune kukhala windo lina.

"Banali moyo, mwana wanga," ndinatero. "Banali kumvela vonse."

Anatsamira thanki ija n'kutseka maso. Ndinadikira. Kutsogolo kwa nyumba amayi anali atayamba nyimbo ina.

"Banali beka?"

"Masana ninali kunkhala nao. Banali kunigwila apa." Ndinamuonetsa pamkono, ndipo iye anagwirapo.

"Banali kudya?"

"Banali kudya. Koma poliji ikabwela ilibe shuga banali kumanga pakamwa, olo unyengelele bwanji, mpaka nesi ayende akayikemo."

Bwalya anatulutsa mawu amene sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Ni beve," anatero. "Kunyumba tinali kubisa shuga."